Kulondola Nyanja ndi Chigubu cha Apongozi

Iwe Mutinta, dzulo ndinakumva ukuuza anzako pampanda kuti agogo ako sadziwa nyanja, amangodziwa Zambezi ndi mpopi wa kuno ku Libuyu. Sindinakuyankhe chifukwa ndinali ndi mapiritsi m'kamwa. Lero ndiye ndikulemberani nonse, iwe ndi Sepo ndi Chikondi, m'Chichewa changa cha giredi seveni cha ku Katete, ndipo muwerenge osadumpha mizere monga muchitira pa mafoni anuwo. Nyanja ya mchere ndinaiona ine amayi anu asanayambe sukulu. Ndipo sindinangoiona ayi. Ndinailondola wapansi, itandithawa.

Kunali kumayambiriro kwa ma 90, boma litangosintha. Ndinali ndi ana awiri: Namakau, amayi anuwa, ali ndi zaka zinayi, ndi amalume anu a Sitali, amene lero ali ndi mimba ngati ng'oma koma nthawi imeneyo anali kamwana kakumsana koyamwa. Agogo anu a Mubita ankagwira ntchito ya njanji kuno ku Livingstone, ndipo anthu a njanji pa tchuthi ankapatsidwa chiphaso chokwera sitima ndi banja lonse. Mphekesera zinali zitayamba zoti ntchito zitha, ndiye iwo anati tiyeni tikaone nyanja chiphaso chikadalipo. Anali ndi mnzawo wa ku Tanzania, Mzee Hamisi, amene anadziwana naye ku Kapiri Mposhi pa ntchito yomweyo, ndipo anali atawaitana kalekale kwawo ku Kigamboni, kutsidya kwa mzinda wa Dar es Salaam.

Ine madzi ndinkawaopa. Chaka chomwe ndinabwera kudzakwatiwa kuno, ng'ona inatenga mwana wa aneba athu pa mtsinje wa Maramba, mayi ake akuchapa pomwepo, ndipo kulira kwa mayi uja kunandikhala m'makutu. Kuyambira pamenepo Namakau akayandikira ngakhale ndowa, ndinkathamanga kukamukoka. Ndiye nditamva za nyanja sindinagone bwino, koma sindinakane. Mkazi wa ku Katete wokwatiwa kwa Alozi, anthu obadwira m'bwato, ukakana ulendo chifukwa cha madzi udzasekedwa mpaka ku maliro ako.

Tinapita ku komboni ya Linda kukatsanzika apongozi anga, Bo Ma-Mubita, ndiko kuti amake Mubita m'Chilozi. Inu simunawapeze. Anali aatali, osaseka wamba, ndipo miyendo yawo inali itatupa moti nsapato anazisiya. Anatulutsa chigubu chachikasu cha saladi, mafuta ophikira aja, atachitsuka ndi phulusa mpaka fungo kutha, n'kundipatsa ineyo, osati mwana wawo.

"Miyendo yanga iyi ifuna manzi ya ku nyanja ya mchele," anatero m'Chinyanja cha m'tauni muno. "Ba mneneri banakamba ku chechi. Koma osati ya pambali pamene bantu basamba na kuwasha. Utape ya mukati, yoyela."

Ndinati ndamva, Amama.

Kenaka anagwira mutu wa Namakau. "Na bana aba, ubwele nabo bonse babili. Iwe manzi uziba ni ya mu chitsime chabe."

Mawu amenewo ndinakwera nawo sitima. Masiku ano mukuti ulendo ndi wautali basi ikangoima pa Choma, koma ife tinakwera kuno mpaka ku Kapiri, n'kusintha, n'kugona m'sitima mpaka matako kuiwala mpando wa kunyumba. Ndinanyamula nkhuku yowamba, mbatata zophika, mtedza wokazinga ndi tiyi mu fulasiki imene inasweka tisanafike ku Mpika. Ndinang'amba kansalu n'kumanga dzanja la Namakau ku dzanja langa, chifukwa mawindo anali otsegula ndipo iye ankafuna kugwira mtengo uliwonse wodutsa. Agogo anu ankati ndamusandutsa mbuzi. Ndinati mbuzi yomangidwa imafika kumsika.

Ku Dar es Salaam tinawoloka pa pantuni, ngati ija ya ku Kazungula koma yodzaza anthu, njinga ndi nkhuku, ine nditatseka maso, ndipo titatsika ndinaona ngati wina watsitsa wailesi. Kutsidya kunali phokoso la mabasi, koma ku Kigamboni kunali zii. Misewu ya mchenga woyera, nyumba zofolera ndi masamba a kokonati, mbuzi zogona pakati pa njira osasuntha ngakhale njinga ilize belu. Palibe amene ankathamanga. Amuna ankakhala pakhonde ndi bawo, akumwa khofi wowawa m'timakapu tating'ono ngati chotsekera botolo, ndipo mwini sitolo dzuwa likakwera ankayala mphasa pakhomo n'kugona, wofuna sopo adikire.

Akazi a Mzee Hamisi, Bi Zuhura, anandilandira ngati mng'ono wawo. Chinenero sitinkamvana. Ine ndinaphunzira mawu amodzi, "asante", kuthokoza, ndipo ndinkawagwiritsa ntchito pa zonse. Anandilanda tsache tsiku loyamba, anandilanda mbale tsiku lachiwiri. Ine amene ndinkagulitsa nthochi ndi mtedza kwa alendo ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndikuwathamangira ndi beseni pamutu, ndinapezeka kuti mlendo ndine, woyenda pamutu popanda kanthu. Manja ankandiyabwa.

Ndiye m'mawa ndinkabereka Sitali, n'kugwira Namakau, n'kumayenda m'tinjira tija. Ndinaona mwamuna akukwera mtengo wa kokonati atamanga chingwe m'mapazi, n'kutsika ndi kokonati wosakhwima, n'kutidulira kuti timwe madzi ake. Ndinaona nsomba zamawanga ngati zitenje za ku msika wa Maramba. Ndinaona mayi akumenyetsa pamwala chinyama cha miyendo isanu ndi itatu ngati akuchapa bulangeti, ndipo madzulo ake chinyama chomwecho ndinachipeza m'mbale yanga, pa mpunga wophika ndi kokonati. Ndinadya. Iwe Sepo amene umasankha ndiwo, ukanagona ndi njala sabata yonse.

Koma kunyanja kwenikweni sindinkapita ndekha. Nyumba inali kuseri kwa nyumba zina, ndipo kugombe ndinkangofika dzuwa litapendeka, agogo anu ali pambali. Nthawi zonse ndinkaipeza yodzaza, mafunde akunyambita mizu ya mitengo, ana a kumeneko akudumphiramo ngati achule. Ine ndinkaima patali, maso ali pamadzi, kufunafuna mphuno ya ng'ona. Ndinawatuma agogo anu kuti afunse. Mzee Hamisi ankadziwako Chinyanja cha ku Kapiri, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

"Shemeji," anatero, ndiko kuti mlamu, "ng'ona palibe, mvuu palibe. Muno ni nsomba chabe."

Za ng'ona ndinafunsa. Zina sindinafunse, chifukwa munthu amafunsa chimene amachidziwa.

Chigubu chinali pansi pa bedi chopanda kanthu. Tsiku ndi tsiku ndinkawakumbutsa agogo anu, koma bawo linali litawagwira, ndipo akuluakulu a pakhonde anali atawapatsa kale mpando wawowawo. Tsiku loti mawa lake tinyamuka, ndinawapeza m'mawa atawerama pa bawo.

"Atate a Namakau, manzi ya Amama."

"Tizatapa, Amake Namakau," anatero osadzutsa mutu. "Nyanja siyenda."

Bi Zuhura anali atawoloka kupita kumsika wa mumzinda. Ndinaganiza za nkhope ya apongozi akulandira chigubu chopepuka. Ndinabereka Sitali, ndinamanga duku, ndinatenga chigubu dzanja ili, Namakau dzanja ilo, n'kutsika kugombe.

Nyanja kunalibe.

Musaseke, ndikunena zoona. Pamene dzulo lake panali mafunde panali mchenga wonyowa, ndere, tizithaphwi, ndi ngalawa zitagona cham'mbali ngati ng'ombe zodwala. Madzi ankaoneka kutali, kamzere koyera kumapeto kwa maso. Ndinaima n'kuganiza. Inu mukudziwa mmene Zambezi amachitira mu Okutobala: mathithi a mbali yathu amauma, miyala imatuluka, anyamata amayenda pamene mu Epulo palibe angaime. Ndipo madzi akapita choncho sabwera mpaka mvula igwe ku Bulozi, miyezi ipite. Ndiye ndinati kuno chilimwe chimangogwa mwadzidzidzi, nyanja yaphwa. Kutali ndinaona amayi atawerama ndi mabeseni akutola zinthu, ndipo mtima unakhala pansi. Ndinakondwa ndithu. Apongozi anafuna madzi a mkati, ndipo njira ya mkati inali itatseguka yokha, yoti munthu wosadziwa kusambira n'kuyenda ndi patapata.

Tinayenda. Namakau ankatola zigoba n'kumaziika m'diresi, ankathamangitsa tinkhanu, ine ndikumukoka, maso anga ali pa chithaphwi chilichonse, chifukwa zonena za Mzee Hamisi ndinazimva koma ng'ona simalemba kalata ikamabwera. Tinadutsa kakhwawa kotsika pang'ono, madzi ofika m'kakolo, n'kukweranso pa mchenga wina waukulu. Nditacheuka, mitengo ya kokonati inali itachepa ngati tsache.

Amayi aja tinakumana nawo akubwerera. Anayamba kundilankhula onse pamodzi, akuloza kumtunda. Mmodzi, wamfupi wonenepa, wa mphete pamphuno, anandikoka chitenje. Ine ndinaganiza za kumsika kwathu, kumene aliyense ali ndi malo ake ndipo mlendo akayala pamalo a mwini amathamangitsidwa. Ndinakweza chigubu kuti aone kuti nkhono zawo sindikuzifuna, ndikufuna madzi okha, ndinati asante, asante. Mayi uja anayang'ana chigubu, anayang'ana ana, anawomba m'manja mofulumira kusonyeza kuti ndichite changu, n'kutsatira anzake. Ndinagwedeza mutu. Ndinkachita changu kale, mwa kuganiza kwanga.

Pamene mchenga unathera, madzi anali oyera moti ndinkaona zala zanga za kumapazi. Ndinatunga. Ndinasuzumira m'chigubu n'kuona timchenga pansi, ndinakhuthula, ndinalowa pang'ono, ndinatunganso. Ndinakhuthulanso kachiwiri, chifukwa munalowa kaudzu. Bo Ma-Mubita sanali munthu womupatsa madzi a kaudzu. Nditatseka bwinobwino, Namakau anandigwira mwendo.

"Amama, manzi yabwela kumbuyo."

Ndinatembenuka. Kakhwawa kaja kanali katasanduka mtsinje, wotakata kuposa Maramba nthawi ya dzinja, ukuyenda cham'mbali, ndipo ife tinali pa chilumba cha mchenga chimene chinkachepa ndikuchiona. Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Mvula palibe, bingu palibe, dzuwa lili phwee, koma madzi akubwera. Patapata zanga zimene ndinavula potunga zinadutsa pafupi nane zikuyandama, imodzi kutsogolo ina kumbuyo.

Ndinakuwa, ndinakupiza dzanja, koma anthu kumtunda anali ngati nyerere ndipo mphepo inkabweza mawu anga m'kamwa. Ndinati ndidikire, mwina asiya. Madzi anafika m'kakolo mwanga. Ndinadikirabe pang'ono. Anafika m'maondo a Namakau, ndipo zigoba zake zinayamba kutuluka m'diresi. Pamenepo ndinadziwa kuti chilumbachi chimira, ndipo kulikonse kumene ndingafere, kuyenera kukhala kufupi ndi kumtunda kuposa pano.

Ndinamasula chitenje, ndinakweza Sitali mpaka mutu wake unapitirira wanga, n'kumanganso mfundo ziwiri pamwamba pa mabere, zothina mpaka kupuma kuvuta. Ndinanyamula Namakau m'chiuno, chigubu dzanja linalo, n'kulowa. M'maondo. M'ntchafu. Madzi ankandikankhira kumbali ngati anthu olimbirana basi, chigubu chikundikokera pansi, Namakau akuterereka, ndipo ndinali ndisanafike ngakhale pakati. Ndinabwerera cham'mbuyo. Manja ndinali nawo awiri, katundu atatu.

Ndinatsegula chigubu n'kukhuthula madzi onse.

"Manzi ya bo kuku," anatero Namakau, kunena agogo ake.

"Tizatapa yenangu. Imilila bwino."

Ndinatseka chotsekera mpaka chala kuwawa. Ndinavula duku, ndinalipisa pa chogwirira cha chigubu, ndinalizunguliza m'khwapa mwa mwana n'kumanga kumsana, chigubu chili pachifuwa pake. Ndinali nditaonapo zigubu zopanda kanthu zikuyenda pamwamba pa Maramba madzi akasefukira, ndipo sindinaonepo chimodzi chitamira.

"Uchikumbatile monga mwana wako. Ukachisiya nizakumenya."

Sindinamumenyepo mwana ameneyo, koma tsiku limenelo anandikhulupirira.

Ndinasankha mtengo umodzi wa kokonati wopendekeka, ndinati maso anga sachoka pamenepo, ndinakulunga nsonga ya duku padzanja, n'kulowanso. M'chiuno. Pamchombo. Mapazi a Namakau anachoka pansi ndipo anayandama, maso ali tong'o, tsaya atalitsamiritsa pa chigubu. Pansi panalibenso mchenga wofewa uja, madzi anali atandisunthira pa miyala yakuthwa ngati mabotolo osweka, ndipo phazi lililonse ndinkamva likung'ambika, koma kukweza phazi msanga kunali kugwa, ndiye ndinkalikwekwesa, ili, kenaka ilo, ili, kenaka ilo. Madzi anafika pachifuwa. Sitali anayamba kulira m'khutu mwanga, akundikoka tsitsi, ndipo ine ndinati lira mwananga, lira kwambiri, chifukwa mwana wolira ndiye kuti akupuma.

Pakati penipeni pansi panatsika. Madzi anandilowa m'kamwa ndi m'mphuno, mchere wowawa, ndinaima pa zala, dzanja limodzi ndinalipititsa kumbuyo n'kukankhira matako a Sitali m'mwamba, linalo likukokedwa ndi duku mpaka phewa kufuna kuguluka, ndipo mtengo uja sindinkauonanso, ndinkangoona kuwala. Sindinapemphere mawu aliwonse, mpweya wake ndikanautenga kuti. Ndinangoti phazi lina. Ndinakwekwesa. Funde linandiphimba n'kudutsa, ndinatsokomola, Sitali akulirabe. Phazi lina. Kenaka chibwano chinatuluka, kenaka khosi, kenaka mapewa, ndipo pansi panayamba kukwera.

Mayi wa mphete pamphuno uja ndinamupeza ali m'madzi ofika m'chiuno, akubwera. Beseni lake anali atalisiya kumtunda. Anamugwira Namakau ndi chigubu chake chomwe, anandigwira ine pamkono, n'kuyamba kundikalipira m'Chiswahili kuyambira pamenepo mpaka pa mchenga wouma, osapuma. Sindinafune womasulira. Ndinati asante, ndipo anakalipa kwambiri.

Agogo anu anafika akuthamanga, njere za bawo zikadali m'manja. Mzee Hamisi anagwira mutu. Ndi pamene anandiuza kuti nyanja imapita n'kubwera kawiri tsiku lililonse, chiyambire dziko, ndipo mwana aliyense wa kumeneko amadziwa asanadziwe dzina lake. Sanaganize kuti pali munthu wamkulu wofunika kuuzidwa. Agogo anu anamasula duku, ananyamula chigubu, anachigwedeza, anatsegula pakamwa. Ndinawayang'ana. Anatseka.

Bi Zuhura atabwera anandimanga mapazi ndi nsanza, n'kumandimwetsa tiyi wa tsabola ngati ndine wodwala. Madzulo nyanja inali itadzaza mpaka pa mizu ya mitengo, ngati sinachite kanthu. Agogo anu anati atunga iwo pomwepo pambali, Amama sadzadziwa. Ndinati ine ndidzadziwa. Ndinapempha Mzee Hamisi alankhule ndi mnansi wawo wa ngalawa. Ana ndinawasiya pamiyendo pa Bi Zuhura, chitseko chotseka. Anandinyamula amuna awiri kundiika m'ngalawa chifukwa kuponda sindinkatha, ndinagwira thabwa ndi manja onse mpaka tinafika pamene madzi ndi obiriwira ndipo pansi saoneka, ndipo pamenepo ndinamasula dzanja limodzi n'kumiza chigubu ndekha.

Ulendo wobwerera ndinakhala mapazi ali pamwamba pa thumba, atatupa, chigubu chili pakati pa miyendo. Titatsika kuno tinapita ku Linda tisanafike kunyumba. Ndinali nditapangana ndi agogo anu kuti nkhaniyi ithere m'sitima. Namakau sitinapangane naye. Asanapereke n'komwe moni anathamangira agogo ake.

"Bo kuku, Amama banataya manzi yanu, banimanga ku chigubu, nenze kuyenda pamwamba monga bakha."

Bo Ma-Mubita anandiyang'ana. Ndinagwada movutikira, ndinaika chigubu patsogolo pawo, n'kufotokoza zonse mmene zinayendera, osachotsa osawonjezera. Sanandidule mawu. Nditamaliza anamasula Sitali kumsana kwanga, anamutembenuza uku ndi uku, anamugwira Namakau m'khwapa mmene duku linasiya mkwingwirima. Kenaka anauza mwana wawo kuti abweretse beseni, ndipo atabweretsa anamuuza kuti akakhale panja.

Anathira madzi a m'nyanja aja m'beseni, pafupifupi theka la chigubu, n'kulikankhira kwa ine ndi phazi lawo lotupa.

"Masula nsanza izo. Ika mapazi."

"Ni ya miyendo yanu, Amama."

"Nakamba ati ika."

Ndinaika. Ana inu, mchere pa zilonda za masiku angapo umaluma kuposa mavu. Ndinafuna kutulutsa, koma iwo anali atawerama kale, munthu woti kuwerama kunkamuvuta, atandigwira akakolo onse awiri ndi manja awo olimba aja. Misozi inayamba kutsika yokha.

"Mu nyanja unalila?" anafunsa osadzutsa mutu, akutsuka pakati pa zala zanga.

"Iyai, Amama."

"Manje ulila chani mu beseni?"